Momwe mungalondolere gwero la dzina la mkazi ndi abale ake m'zinenero zina

Isabel wa ku Spain, Elspeth wa ku Scotland, Erzsébet wa ku Hungary ndi Elizabeti amene timamuwerenga mu Uthenga Wabwino wa Luka, onsewa ndi dzina limodzi. Koma Isabel yemweyo ndi Yezebeli, mkazi wa Mfumu Ahabu, ngakhale akumveka ngati ana a mimba imodzi, alibe ubale uliwonse. Choncho amene akufuna kudziwa komwe dzina la mkazi linachokera, kaya akufuna kutcha mwana, kaya akulondola mzere wa makolo m'makaundula akale, kaya akumasulira buku, ayambe wavomereza kuti pa nkhani imeneyi khutu si mboni yodalirika. Mboni ndi zolembedwa: dzinalo linalembedwa bwanji, linalembedwa kuti, m'chaka chiti. Ntchito yonse ndi yolumikiza zolembedwazo, chimodzi pambuyo pa chinzake, mpaka mutafika pa tsinde.

Yambani ndi zinthu zinayi papepala

Musanatsegule buku kapena intaneti, lembani kalembedwe kenikeni ka dzinalo, osasiya timizere ndi timadontho ta pamwamba pa zilembo. Dziko ndi chinenero cha amene anatcha dzinalo. Chaka chimene mwini dzina anabadwa, ngakhale mongoyerekeza. Ndi chipembedzo cha banjalo. Mukasiya chimodzi mwa zinayizi mutha kusochera pa sitepe yoyamba. Jean ndi dzina la mkazi ku England ndi ku Scotland, koma ku France ndi Yohane, mwamuna. Joan ndi mkazi m'Chingerezi, koma ku Barcelona ndi mwamuna. Karen wa ku Denmark ndi mkazi, ndipo dzina lake linachokera ku Katherine, pomwe Karen wa ku Armenia ndi mwamuna ndipo dzina lake lili ndi gwero lina. Hana wa m'banja lachikhristu ku Prague mwina ndi mayi ake a Samueli aja, koma Hana wa ku Japan nthawi zambiri ndi "duwa", ndipo Hana wa m'banja lolankhula Chiarabu ndi "chimwemwe".

Onani ngati dzinalo ndi lathunthu kapena chidule

Mayina ambiri amene lero amalembedwa m'zikalata ngati mayina oima paokha anayamba ngati mayina oitanira mwana pakhomo. Muyenera kulibwezeretsa dzinalo mwakale musanafunse tanthauzo lake.

Choyamba chotsani kachidutswa ka kumapeto kamene kamachepetsa kapena kusonyeza chikondi. Ku France ndi -ette, -ine ndi -ot: Annette ndi Anne, Jeannine ndi Jeanne, Margot ndi Marguerite. Ku Spain ndi -ita: Anita, Juanita. Ku Germany ndi -chen ndi -el: Gretchen ndi Gretel, onse ndi Margarete. Ku Russia ndi -sha, -ya ndi -ka: Masha ndi Mariya, Katya ndi Yekaterina, Natasha ndi Natalya. Ku Ireland ndi -ín, kamene olemba Chingerezi anakalemba -een, n'chifukwa chake Maureen ndi Máirín, kutanthauza Mariya wamng'ono.

Chachiwiri, kumbukirani kuti chidule chimatha kudula mbali ina ya dzina, nthawi zambiri mutu, n'kusiya mchira. Lisa, Elsa ndi Ilse anadulidwa ku Elisabeth. Greta ndi Rita ku Margareta. Heidi ku Adelheid. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa mchira umodzi umatha kukhala ndi eni ake angapo. Lena atha kukhala Helena kapena Magdalena. Nora atha kukhala Eleonora kapena Honora. Tina atha kukhala Christina, Martina kapena Valentina. Hanna wa ku Sweden atha kukhala Hannah weniweni kapena chidule cha Johanna. Zikatere musasankhe limene lakusangalatsani. Funani chikalata cha ubatizo kapena cha kubadwa, kapena onani mayina a agogo ndi azakhali ake, poti m'mabanja ambiri dzina lathunthu limabwerezedwa.

Chingerezi chakale chinali ndi zizolowezi zitatu zimene zimabisa tsinde kotheratu. Chinkasintha r kukhala l: Mary anakhala Molly, Sarah anakhala Sally, Dorothy anakhala Dolly. Chinkasinthanso m wa kumayambiriro kukhala p: Molly anabala Polly, Meg anabala Peg ndi Peggy, moti Peggy ndi Margaret ngakhale mayina awiriwa sakufanana n'komwe. Chachitatu, liwu lakale lotanthauza "wanga" linkathera ndi n, ndipo n ameneyu anamatirira ku dzina lotsatira: Ann anakhala Nan kenako Nancy, Ellen anakhala Nell.

Pezani chitsime chake

Mayina akale a akazi amene afalikira m'mayiko ambiri anatungidwa m'zitsime zowerengeka, ndipo chilichonse chili ndi zizindikiro zake.

A Chiheberi ndi Chiaramu anafalikira kudzera m'Baibulo: Miryam, Hannah, Elisheva, Shoshannah, Sarah, Rachel, Martha. Kawirikawiri mumapeza El kapena Yo mkati mwake, zomwe zikuimira dzina la Mulungu. A Chigiriki anafalikira ndi oyera mtima a mpingo woyamba: Sophia ndi nzeru, Irene ndi mtendere, Agatha ndi wabwino, Margarita anachokera ku liwu la ngale. Theodora ndi Dorothea ndi mawu awiri omwewo, "Mulungu" ndi "mphatso", ongotembenuzidwa.

A Chilatini ambiri poyamba sanali mayina a munthu payekha. Ku Roma mwana wamkazi ankangoitanidwa ndi dzina la fuko la bambo ake: wa fuko la Julius anali Julia, wa Claudius anali Claudia, wa Aemilius anali Aemilia, wa Caecilius anali Caecilia. Akakhala awiri m'nyumba ankawasiyanitsa ndi Maior ndi Minor, wamkulu ndi wamng'ono. Choncho mukafunsa tanthauzo la Julia, yankho loona ndi "mwana wamkazi wa fuko la Julius".

A mitundu yachijeremani amapangidwa ndi zidutswa ziwiri. Matilda ndi maht, mphamvu, ndi hild, nkhondo. Gertrude ndi ger, mkondo, ndi trud, nyonga. Adalheidis ndi adal, ulemerero wa banja lachifumu, ndi heid, mtundu kapena khalidwe. Musavutike kupanga chiganizo chokoma kuchokera m'zidutswa ziwirizo. Makolo nthawi zina ankangotenga chidutswa m'dzina la bambo ndi china m'dzina la mayi, ndipo pali mayina monga Hildegund amene mbali zonse ziwiri zikutanthauza nkhondo.

A Chiarabu anayenda ndi Chisilamu, makamaka mayina a akazi a m'banja la Mtumiki Muhammad: Amina mayi ake, Khadija ndi Aisha akazi ake, Fatima ndi Zaynab ana ake. Palinso gulu lalikulu la mayina amene anapangidwa kuchokera ku dzina la mwamuna. Carla, Caroline ndi Charlotte onse ndi ochokera kwa Karl. Louise ndi Luisa kwa Louis. Jacqueline kwa Jacques, amene ndi Yakobo. Mukaona zotere, fufuzani dzina la mwamunalo, poti mbiri yaitali ili kumeneko.

Londolani njira, chinenero ndi chinenero

Iyi ndiye ntchito yeniyeni, ndipo imafuna kuleza mtima. Lembani mzere wa makalembedwe kuyambira akale kwambiri, ndipo pa kusintha kulikonse dzifunseni chimene chinasinthitsa.

Kwa mayina a m'Baibulo, njira yaikulu ndi imodzi. Malemba a Chiheberi anayamba kumasuliridwa m'Chigiriki ku Alexandria cha m'ma 250 Khristu asanabadwe. Chigiriki chinalibe liwu la sh, n'chifukwa chake Shoshannah anakhala Sousanna ndipo Elisheva anakhala Elisabet. Chinalibenso chilembo cha h wapakhosi wa Chiheberi, moti Hannah anakhala Anna. Miryam analembedwa Mariam, ndipo m'Chipangano Chatsopano muli onse awiri, Mariam ndi Maria. Kenako wansembe wina dzina lake Jerome anakonza Baibulo la Chilatini kuyambira mu 382 mpaka cha m'ma 405, ndipo kalembedwe ka Chilatini ndi kamene kanalamulira kumadzulo kwa Ulaya kwa zaka zoposa 1,000.

Kuchokera pamenepo njira inagawikana. Mayiko a kummawa, monga Russia, Bulgaria ndi Serbia, analandira mayina mwachindunji kuchokera ku Chigiriki cha ku Constantinople, pa nthawi imene b wa Chigiriki anali atayamba kale kutchulidwa v. Ndiye Barbara ndi Varvara, Elisabet ndi Yelizaveta. Ku Russia th wa Chigiriki anasanduka f: Martha ndi Marfa, Agatha ndi Agafya, Theodora ndi Feodora. Mukadziwa malamulo awiri okhawa, mayina ambiri a Chirasha amene amaoneka achilendo mumawazindikira msanga.

Kumadzulo, Chifalansa chakale chinkameza zilembo za pakati pa dzina. Adalheidis anafupika kukhala Adelais, kenako Aalis, kenako Alice. Mahthildis anakhala Mahaut, amene ku England anasanduka Maud. Johanna anakhala Jehanne, ndipo kuchokera kwa Jehanne kunabadwa Jeanne, Jane ndi Jean. A Norman, anthu a kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066 anapititsako mayina amenewa, ndipo atafika ku Ireland mu 1169 Jehanne yemweyo anakhala Siobhán, amene amatchulidwa ngati "Shivoni". Cecilia anakhala Síle, amene anabwereranso m'Chingerezi ngati Sheila. Kummwera kwa France ndi ku Spain, Elisabet anasintha mapeto kukhala -bel n'kutaya phatikizo loyamba, kutsala Isabel. Mpaka lero nyuzipepala za ku Spain zikamanena za Mfumukazi Elizabeth II ya ku Britain zimalemba Isabel II. Agnes naye, poti gn ankatchulidwa ngati ny, anakhala Inés ku Spain ndi Inês ku Portugal, pomwe ku Poland ndi Agnieszka.

Chilembo cha J chimasokoneza anthu ambiri chifukwa ndi chimodzi papepala koma pakamwa n'chosiyana: Johanna wa ku Germany amayamba ndi liwu la y, Juana wa ku Spain ndi h wapakhosi, ndipo ku Italy analemba Giovanna, ku mayiko a Asilavu Ivana ndi Jana. Onsewa ndi Yohana amene akutchulidwa pa Luka 8:3, ndipo tsinde la "chisomo" limene lili m'dzina limeneli ndi lomwe lili mwa Hannah. Ndiye Jane ndi Anna ndi apachibale, koma si dzina limodzi.

Mayina a Chiarabu nawo amasintha motsatira lilime la amene awalandira. Fatima ndi Fatma ku Turkey, Fatuma m'Chiswahili, Fadumo ku Somalia, Fatou ndi Fatoumata kumadzulo kwa Africa. Khadija ndi Hatice ku Turkey, Hadiza kwa Ahausa, Kadiatou ku Guinea. Aisha ndi Ayşe ku Turkey ndi Aïssatou ku Senegal. Maryam, yemwe ndi mkazi yekhayo wotchulidwa dzina m'Korani ndipo Sura 19 ili ndi dzina lake, ndi Miryam yemwe uja, kungoti anadzera njira ina. Ku Turkey ndi Meryem, m'Chiswahili ndi Mariamu.

Chichewa chilinso ndi malamulo ake, ndipo ndi bwino kuwawerengera pa mzere wanu. Sitithera dzina ndi konsonanti, komanso timalowetsa vawelo pakati pa makonsonanti amene lilime lathu siliwaphatikiza. Esther ndi Estere, Ruth ndi Rute, Dorcas ndi Dorika, Martha ndi Marita. Apa pali msampha: Marita wa m'Baibulo lathu ndi Martha, mlongo wa Lazaro, dzina la Chiaramu lotanthauza "mayi wa pakhomo", koma Marita wa ku Sweden ndi Margareta, ndipo wa ku Spain ndi María wamng'ono.

Funsani amene analinyamula

Dzina silidumpha nyanja lokha. Ngati mukuganiza kuti mayina awiri a m'mayiko otalikirana ndi amodzi, muyenera kusonyeza amene analiwolotsa komanso nthawi yake: woyera mtima, mfumukazi, gulu la ogonjetsa dziko, amishonale kapena amalonda. Margaret anazika mizu ku Scotland chifukwa cha Mfumukazi Margaret amene anamwalira mu 1093, ndipo kumeneko kunatuluka Maisie. Elisabeth anachuluka pakati pa Ulaya pambuyo pa Elizabeth wa ku Hungary, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1207 mpaka 1231. Olga ndi Helga wa anthu a ku Scandinavia amene ankalamulira ku Kyiv, ndipo Olga wodziwika kwambiri anamwalira mu 969. Jadwiga ndi Hedwig wa Chijeremani, dzina la mfumukazi imene inavekedwa ufumu wa Poland mu 1384. Birgitta wa ku Sweden, amene anamwalira mu 1373, ndiye anafalitsa Britta ndi Birgit.

Mukalephera kupeza wolinyamula, kayikirani ubalewo. Muthanso kupeza kuti dzinalo si lakale monga limamvekera. Vanessa analipanga ndi wolemba mabuku Jonathan Swift, podula ndi kulumikiza dzina la Esther Vanhomrigh, m'ndakatulo imene inasindikizidwa mu 1726. Palibe Vanessa wa Chigiriki chakale, ngakhale masamba ena a pa intaneti amamupatsa tanthauzo lotero.

Siyanitsani mitundu itatu ya "dzina lomwelo"

Anthu akamati dzina lakuti ndi lomwelo m'chinenero china, amasakaniza zinthu zitatu. Pa pepala lanu ikani chilichonse m'danga lakelake.

Loyamba ndi la ubale wa magazi, pomwe dzina limodzi lasintha katchulidwe: Katherine, Catalina, Katarzyna, Yekaterina, Caitlín.

Lachiwiri ndi la kumasulira, pomwe tanthauzo ndi limene lawoloka, osati mawu. Machitidwe 9:36 akupereka chitsanzo: Tabita m'Chiaramu, Dorika m'Chigiriki, onse akutanthauza nyama ya mtundu wa mbawala. Makhalidwe atatu a pa 1 Akorinto 13:13 anakhala mayina a akazi m'zinenero zambiri: Pistis, Elpis ndi Agape m'Chigiriki, Vera, Nadezhda ndi Lyubov ku Russia, Faith, Hope ndi Charity ku England, Fe, Esperanza ndi Caridad ku Spain. Esperanza, Nadezhda ndi Chiyembekezo akunena chinthu chimodzi, koma alibe tsinde limodzi.

Lachitatu ndi la kungolowetsa m'malo. Ku Ireland, pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi, olemba makaundula ankapatsa munthu dzina la Chingerezi lomveka moyandikira: Gráinne analembedwa Grace, Sorcha analembedwa Sarah. Palibe ubale wa tsinde kapena wa tanthauzo, koma wofufuza mzere wa makolo ayenera kudziwa zimenezi, apo ayi ayesa kuti mkazi mmodzi ndi anthu awiri.

Ndiye pali mayina ongofanana nkhope, amene sayenera kulowa m'danga lililonse mwa atatuwa. Emily ndi wa Chilatini, kuchokera kwa Aemilia. Amelia ndi wa Chijeremani, kuchokera ku amal. Emma ndi wa tsinde linanso la Chijeremani, ermen. Jennifer si wa kwa Jane. Ndi kalembedwe ka ku Cornwall ka dzina limene ku Wales ndi Gwenhwyfar. Eleanor, amene anadziwika ndi Eleanor wa ku Aquitaine yemwe anamwalira mu 1204, anachokera ku Aliénor, osati kwa Helen. Nadia wa ku Russia ndi chidule cha Nadezhda, koma Nadia wa Chiarabu ndi dzina lina. Asha wa Chiswahili ndi Aisha. Asha wa ku India ndi "chiyembekezo".

Tanthauzo libwere pomaliza

Ambiri amayambira pa tanthauzo, ndipo n'chifukwa chake amanamizidwa. Tanthauzo ndi lodalirika pokhapokha liwu limene dzinalo linachokerako likupezeka m'chinenero cha gwero: Hannah ndi chisomo, Shoshannah ndi duwa la kakombo, Elisheva ndi "Mulungu wanga ndiye lumbiro". Magdalena ndi Lydia akungonena kwawo kwa munthu, mudzi wa Magadala ndi dera la Lydia.

Mayina atatu otchuka kwambiri ali ndi matanthauzo amene anawamatirira pambuyo pake. Akatswiri sanagwirizane pa tanthauzo la Miryam: ena amati "kuwawa", ena "kupanduka", ena amaligwirizanitsa ndi liwu la ku Iguputo lotanthauza "wokondedwa". Tanthauzo lofala la "nyenyezi ya panyanja" linabadwa ndi kusintha kwa chilembo chimodzi, pomwe stilla maris, dontho la m'nyanja, anakoperedwa kukhala stella maris. Katherine poyamba anali Aikaterine, ndipo gwero lake silinatsimikizike; Akhristu analigwirizanitsa ndi katharos, "woyera", ndipo h wa pakatiyo analowa chifukwa cha zimenezo. Agnes anachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza kudzisunga, koma poti limamveka ngati agnus, mwana wa nkhosa m'Chilatini, ojambula anayamba kumujambula woyera mtima Agnes wa ku Roma atanyamula kankhosa. Polemba zimene mwapeza, siyanitsani "linachokera ku" ndi "anthu analigwirizanitsa ndi". Zonse ziwiri ndi mbiri ya dzinalo, koma si chinthu chimodzi.

Mayina a ku Spain amafuna chenjezo lapadera. Dolores ndi "zisoni", Mercedes ndi "zifundo", Pilar ndi "chipilala". Makolo sankatcha mwana wawo "zisoni". Dzina lathunthu linali María de los Dolores, limodzi mwa mayina aulemu a Mariya amayi a Yesu, ndipo Pilar ndi wa ku kachisi wa ku Zaragoza. Lola ndi chidule cha Dolores, Lupe cha Guadalupe. Fátima wa m'banja lachikatolika amatchedwa potsatira tauni ya ku Portugal imene inatchuka mu 1917, ngakhale dzina la tauniyo nalo linachokera ku dzina la Chiarabu lija.

Mukamawerenga makaundula ndi zikalata

Mipingo ya ku England inalamulidwa kusunga makaundula a ubatizo mu 1538, ndipo Msonkhano wa ku Trent unalamula zomwezo kwa Akatolika mu 1563. Ansembe ambiri ankalemba m'Chilatini, choncho Joan, Jane ndi Jeanne onse amapezeka ngati Johanna, ndipo simungadziwe m'mene ankaitanidwira pakhomo popanda chikalata china. Chilatini chimasinthanso mapeto a dzina motsatira ntchito yake m'chiganizo: Mariam, Mariae ndi Maria ndi munthu mmodzi, ndipo "filia Annae" ndi "mwana wamkazi wa Anna", osati wa Annae. Kalembedwe sikanali kokhazikika, moti mkazi mmodzi atha kulembedwa mosiyana pa ubatizo, pa ukwati ndi pa maliro. Yerekezani ndi dzina la bambo, la mwamuna ndi la mudzi musanagamule. Kumbukiraninso kuti kusintha chipembedzo kunkasintha dzina: Catherine II, amene analamulira Russia kuyambira 1762 mpaka 1796, anabadwa ali Sophie ndipo anatenga dzina la Yekaterina mu 1744 polowa mpingo wa Orthodox.

Mayina ochokera ku zinenero za zilembo zina alibe kalembedwe kamodzi m'zilembo zathu. Yelena, Elena ndi Jelena atha kukhala mkazi mmodzi wa ku Russia wolembedwa ndi alembi a mayiko atatu. Aisha, Ayesha ndi Aïcha chimodzimodzi. Pofufuza pa kompyuta yesani kalembedwe kalikonse, ndi timizere komanso popanda timizere.

Ngati mukusankhira mwana limodzi mwa mayina amenewa, litchulitseni kwa munthu wolankhula chinenerocho, onani ngati m'mayiko amene mwanayo angadzakhale si dzina la mwamuna, ndipo sankhani kalembedwe kamodzi musanalembetse chikalata cha kubadwa. Maofesi saona ubale wa mayina: kwa iwo Isabel ndi Elizabeth ndi anthu awiri, ngakhalenso Catherine ndi Katherine. Mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la pasipoti, imene makina amawerenga, imalola zilembo A mpaka Z zokha popanda timizere. Inês amatuluka INES, Małgorzata amatuluka MALGORZATA, ndipo Käthe wa ku Germany amatuluka KAETHE. Pogula tikiti ya ndege kapena podzaza fomu ya viza, koperani dzina monga lilili m'mizere imeneyo.